Musachite Manyazi ndi Mulungu Amene Anakhala Munthu

Ana anga ndi adzukulu anga, inu mwaphunzira kuposa ife, ndipo mafoni anu amakubweretserani maganizo a dziko lonse. Kumeneko mumamva ena akunena kuti Yesu anali mphunzitsi wabwino chabe, ena akuti kubadwa kwake mwa namwali ndi nthano ya anthu osapita kusukulu. Tcherani khutu, pakuti chikhristu chathu chonse chagona pa nkhani imeneyi.

Choyamba, dziwani chimene timakhulupirira. Mwana wa Mulungu, amene analipo dziko lisanalengedwe, anatenga thupi lenileni m'mimba mwa Mariya. Anamva njala, anatopa paulendo, analira kumanda kwa Lazaro, anafa pamtanda m'masiku a Pilato, kenako anauka ndi thupi lomwelo. Sanaleke kukhala Mulungu, ndipo sananamizire kukhala munthu.

Mafunso amene akukuvutani si atsopano. Mumzinda wa Alexandria ku Egypt munali wansembe wina, Arius, amene ankaphunzitsa kuti Mwana ndi wolengedwa, ndipo inalipo nthawi imene iye kunalibe. Mkangano utakula, mfumu Constantine inaitanitsa mabishopu ku Nicaea m'chaka cha 325, ndipo iwo anavomereza kuti Mwana ndi Mulungu weniweni, wofanana ndi Atate. Pamsonkhanowo panali dikoni wachinyamata, Athanasius, amene mu 328 anakhala bishopu wa Alexandria. Mfundo yake inali yomveka: munthu amene wawonongeka ndi uchimo ndi imfa angakonzedwe ndi Mlengi wake yekha, choncho Mpulumutsi akakhala wolengedwa ngati ife, chipulumutso palibe. Chifukwa cha mfundo imeneyi anathamangitsidwa pampando wake kasanu, koma sanagonje. Mu 451, msonkhano wa ku Chalcedon unafotokozanso kuti Khristu ndi mmodzi, Mulungu wathunthu ndi munthu wathunthu.

Tsono wina akakuuzani kuti ichi ndi chipembedzo cha azungu, mukumbutseni kuti Athanasius ankachiteteza pa nthaka ya Africa zaka zoposa 1,500 David Livingstone asanafike pa Nyanja ya Malawi mu 1859.

Nanga sayansi? Iphunzireni ndi mtima wonse, musaiope. Georges Lemaître, amene mu 1927 analemba kuti thambo lonse likunka lifutukuka, anali wansembe wa ku Belgium. Sayansi imayeza zinthu zimene zimachitika mobwerezabwereza, ndipo imagwira bwino ntchito imeneyo. Koma funso loti kodi Mlengi analowa kamodzi m'mbiri ya anthu siliyankhidwa ndi makina. Limafuna kuti muwerenge umboni wa amene anamuona ndi kuuunika moona mtima. Mariya mwiniwake ankadziwa mmene ana amabadwira, n'chifukwa chake anafunsa mngelo kuti zitheka bwanji.

Inunso funsani. Akulu anati safunsa anadya phula. Kukayika kukakugwirani, musakubise mumtima mpaka kukudyeni. Pitani kwa abusa, kwa ansembe, kwa akulu a mpingo. Werengani Uthenga wa Yohane wonse, osati kavesi kamodzi kotumizidwa pa WhatsApp. Mukafunsidwa chimene simukuchidziwa, vomerani, kenako mukafufuze.

Poyankha, sungani ulemu. Mtumwi Petro anatilangiza kuti tikhale okonzeka kufotokoza chiyembekezo chathu, koma mofatsa. Abale athu Achisilamu amamulemekeza Yesu ngati mneneri, ndipo pamenepa timasiyana nawo kwenikweni. Nenani kusiyanako momveka, popanda chipongwe. Amene mwamutukwana pa Facebook sadzamvanso za Khristu kuchokera pakamwa panu.

Chomaliza ndi ichi, ndipo ndichimene ndimachifunitsitsa mwa inu. Ngati Mulungu anavala thupi la munthu, ndiye kuti thupi la munthu aliyense ndi lolemekezeka. Musaononge lanu ndi kachasu ndi chamba. Musagwiritse ntchito thupi la mnzanu pongofuna kudzisangalatsa. Kazondeni odwala, dyetsani amasiye, musanyoze olumala, tetezani abale athu achialubino. Anthu ambiri amene amakana chiphunzitsochi sanawerengepo za Nicaea, koma amaona mmene Akhristu amakhalira ndi anansi awo. Chidziweni bwino chikhulupiriro chanu, ana anga, chifotokozeni mosaopa, ndipo zochita zanu zisatsutsane ndi zimene pakamwa panu pavomereza.