Galimoto Ikapita, Anawa Atsala ndi Yani?

Tiyeni tiganizire pamodzi funso ili. Bungwe lalikulu likabwera ndi pologalamu yothandiza acinyamata, n'kupempha magulu a m'dera lanu kuti agwire nalo nchito, kodi inu amene mwavomera muli ndi mangawa otani kwa anawo? Kodi mbali yanu ithera pa kupereka maina ndi kusesa m'cipinda cokumaniramo?

Funsoli lili ndi pocokera. Mu December 2014 boma la America, kupyolera mu PEPFAR, linalengeza pologalamu ya DREAMS m'maiko 10 a mu Africa, ndipo Zambia inali pakati pa maikowo. Colinga cinali kuteteza atsikana ndi amai acicepere ku kacirombo ka HIV. Kuno kwathu inayambira ku Lusaka, Ndola ndi Chingola. Atsikana a zaka 10 kufika 24 anali kukumana m'malo otetezeka pamodzi ndi alangizi ao, kuphunzira za thanzi lao, kusunga ndalama m'magulu ndi nchito za manja. Ena anathandizidwa kubwerera kusukulu. Mbali yaikulu ya nchitoyi inagwiridwa ndi mabungwe a m'dziko muno ndi anthu a m'makomboni momwemo. Mu January 2025 boma la America linaimitsa thandizo lake lopita kunja, ndipo mu July caka comweco bungwe la USAID linatsekedwa. Nchito zambiri zoteteza acinyamata zinaima mwadzidzidzi. Koma mtsikana uja wa zaka 15 sanapite kulikonse. Akali panyumba pomwe paja, mavuto ake ali omwe aja.

Makolo athu anatisiyira miyambi iwiri yonena za mlendo. Wina uti mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Wina uti mlendo ndi mame, sacedwa kukamuka. Yonse iwiri ndi yoona, ndipo nzeru yagona pa kuigwira pamodzi. Amai ena amati, "Tiyeni tikane, zakunja zimationongera ana." Awa aiwala kalumo kaja. Maphunziro, zipangizo ndi luso limene tilibe n'zosafunika kuzikankha cifukwa ca mantha cabe, pakuti wotaya mwai ndi mwana. Ena amati, "Zilizonse zabwera tilandire, eni ndalama adziwa okha." Awa aiwala mame aja. Amapereka ana m'manja mwa mlendo, iwo n'kukhala pansi.

Ndiye gulu la m'dera limene lavomera kugwirizana ndi pologalamu yotere liyenera kucita ciani?

Coyamba ndi kunena zoona pa maina. Alendo amabwera kwa inu cifukwa inu ndinu mudziwa khomo lililonse. Mudziwa mwana wamasiye amene asungidwa ndi ambuye ake okalamba, ndi mtsikana amene analeka sukulu cifukwa ca mimba. Tsono malo akakhala ocepa, ciyeso cimabwera: kulemba mwana wanu, wa mlamu wanu, wa mai wapampando. Palibe amene adzakugwirani, pakuti mlendo sadziwa mibadwo ya pamudzi. Komatu dzina lililonse lolowa mwa cibale lakankhira kunja mwana wina amene alibe womulankhulira. Kumeneko ndi kuba, ngakhale palibe ndalama yalowa m'thumba mwanu. Cimodzimodzi kulemba kuti pamsonkhano panabwera ana 40 pamene anabwera 12.

Caciwiri ndi kufunsa musanasaine. Kodi ana adzaphunzitsidwa ciani? Ndani adzakhala nao m'cipinda? Mwana akadandaula za mlangizi, akanene kwa yani? Pologalamuyi idzatha liti, ndipo makina osokera ndi mabuku adzatsala m'manja mwa yani? Kufunsa tero si mwano. Bungwe la cilungamo limakondwera ndi mnzake wofunsa, cifukwa lidziwa kuti wofunsa ndiye adzasamala.

Cacitatu ndi kuphunzira nchitoyo kuti ikhale yanu. Apa pali nkhani ya alawansi. Wanchito kulandira kangacepe si chimo, pakuti nayenso ali ndi ana ofuna kudya. Koma dzifunseni mumtima: tsiku limene envulopu idzaleka kubwera, kodi mudzapitabe kukaona mtsikana uja? Ngati yankho ndi iai, ndiye kuti mwanayo anali cabe njira yanu yopezera ndiwo. Zambiri zimene pologalamu imacita sizifuna ndalama za kunja. Kukumana ndi atsikana pa Ciweru pansi pa mtengo, kuyendetsa kagulu kosunga ndalama, kuperekeza mwana kwa ahedi kapena kucipatala, zonsezi mungazipitirize ngati munaziphunzira mlendo akalipo.

Ndiponso zida zina zili kale m'manja mwathu. Kuyambira 1997 mtsikana amene wabereka ali ndi ufulu wobwerera kusukulu. Mu 2022 boma linacotsa malipiro m'masukulu ake kufika ku sekondale, ndipo caka comweco ndalama za CDF zinakwezedwa kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa konstichuwensi iliyonse, mbali ina ikupita ku maphunziro a luso la acinyamata. Mu 2023 lamulo la ukwati linasinthidwa kuti mwana wosafika zaka 18 asakwatiwe, ngakhale pa ukwati wa cimwambo. Malamulo awa sayenda okha kufika pamudzi. Afunika munthu wokauza makolo, wothandiza mnyamata kulemba fomu ndi kuipereka ku komiti ya citukuko ya m'wadi, wolimba mtima kukaima pamaso pa amfumu.

Amai, mwana wa mnzako ngwako yemwe. Pamsonkhano wanu wotsatira, chulani mapologalamu a acinyamata amene anagwirapo nchito m'dera lanu n'kutha. Funsanani kuti ana amene analimo ali kuti lero. Kenako sankhani amai awiri awiri, apite kukawaona sabata yomweyo.