Mutu Ukakula Sulewa Nkhonya

Mwambi uwu timaumva kawirikawiri mfumu, mkulu wa mpingo kapena mwinimbumba akadzudzulidwa pa zinthu zimene sanalakwe yekha. Akuluakulu amamukhazika pansi nkumuuza kuti apirire, pakuti mutu ukakula sulewa nkhonya. Timaunena ngati chitonthozo, ndipo womvayo amachoka mtima uli m'malo. Ine ndikufuna tiuyese mwambiwu kutali ndi kwathu, panyanja zamchere, kumene mayiko amphamvu anatha zaka pafupifupi 40 akupikisana kukulitsa mitu yachitsulo, tione ngati chitonthozo chimenechi chimakwanira.

Mpikisanowu unafika pachimake kuyambira mu 1906, pamene Britain inamaliza kumanga sitima yankhondo yotchedwa HMS Dreadnought. Inali ndi mizinga ikuluikulu khumi, ndipo injini zake zamtundu watsopano zinkaithamangitsa kuposa sitima zikuluzikulu zonse za nthawiyo. Kubwera kwake kunachititsa kuti zina zonse zioneke zachikale, ngakhale za Britain yomweyo. Germany nayo inayamba kumanga zake, ndipo chuma chochuluka cha mayiko awiriwa chinathera pa zitsulo ndi mizinga. Magulu awiriwo atakumana ku Jutland pa 31 Meyi 1916, Britain inataya sitima 14 ndi anthu oposa 6,000, Germany inataya sitima 11 ndi anthu pafupifupi 2,500, koma nkhondo sinathere pamenepo. Chenjezo loti chaching'ono chikhoza kugwetsa chachikulu linali litaperekedwa kale mu Seputembala 1914, pamene kasitima ka Germany koyenda pansi pa madzi, U-9, kanamiza sitima zitatu za Britain m'mawa umodzi. Ochepa okha ndiwo analimva.

Nkhani ya Bismarck ndi imene imaonetsa mwambiwu poyera. Sitima ya Germany imeneyi inatulukira m'nyanja ya Atlantic mu Meyi 1941 kukasaka sitima zonyamula katundu. Pa 24 Meyi inaphulitsa HMS Hood, imene Angelezi ankainyadira kwa zaka 20, ndipo mwa anthu 1,418 amene anali m'menemo anapulumuka atatu okha. Chipambano chimenechi ndicho chinaiputira mavuto. Britain inaitanitsa sitima kuchokera mbali zonse, zina kuzichotsa pa ntchito yoperekeza katundu, zina kuchokera ku Gibraltar, zonse kulondola mdani mmodzi. Chimene chinailemaza sichinali chinzake chachikulu ayi. Zinali ndege za Swordfish zochokera pa sitima ya Ark Royal, ndege zochedwa, za mapiko okutidwa ndi nsalu. Bomba limodzi loyenda m'madzi linamenya chiwongolero chake, ndipo chimphonacho chinalephera kulunjika kugombe la France kumene chinkathawira. M'mawa wa pa 27 Meyi sitima za King George V ndi Rodney zinachipeza nkuchiwomba mpaka chinamira. Anthu oposa 2,000 anafera pomwepo. Miyezi ingapo pambuyo pake, pa 10 Disembala, ndege za Japan zinamiza sitima zikuluzikulu za Britain, Prince of Wales ndi Repulse, pafupi ndi Malaya. Mpaka apa makolo athu sananame: chachikulu chimaoneka patali, ndipo aliyense amachilozera.

Komabe tisafulumire kunena kuti ukulu ndi uchitsiru. Mwambiwu sunena kuti mutu usakule, ndipo nawonso omanga sitimazi sanali opusa. Taganizirani Tirpitz, mbale wake wa Bismarck, imene inakhala nthawi yaitali itabisala m'magombe a Norway. Sinamenyane ndi sitima ina yaikulu ngakhale kamodzi, koma kungokhalapo kwake kunakakamiza Britain kusunga sitima zamphamvu kumpoto pamene zinkafunika kwina. Mu Julayi 1942, akuluakulu a ku London atamva kuti mwina Tirpitz yatuluka, analamula gulu la sitima zakatundu lotchedwa PQ 17, limene linkapita ku Russia, kuti limwazikane. Zitasiyidwa zopanda woziteteza, sitima 24 mwa 35 zinamizidwa ndi ndege komanso sitima zapansi pa madzi, Tirpitz isanawombe ndi kamodzi komwe. Mantha okha anagwira ntchito ya mizinga. Ukulu uli ndi phindu lake, ndipo amene amakana zimenezi sanaione bwino mbiriyi. Kungoti nayonso Tirpitz sinalewe: inasakidwa mobwerezabwereza kufikira ndege za Lancaster zinaigubuduza pafupi ndi Tromsø pa 12 Novembala 1944.

Pamene mtima wanga umavutika ndi pa Yamato. Japan inamanga sitimayi mobisa, yolemera matani pafupifupi 72,000 ikadzaza, ndi mizinga isanu ndi inayi ya kukamwa kwa masentimita 46, ikuluikulu kuposa ina iliyonse imene inaikidwapo pa sitima yankhondo. Pofika mu 1945 aliyense ankadziwa kuti nyanja ikulamulidwa ndi ndege, pakuti mbale wake Musashi anali atamizidwa kale ndi ndege za America mu Okutobala 1944. Ngakhale zinali choncho, akuluakulu ankhondo anaituma ku Okinawa popanda ndege zokwanira zoiteteza, poopa manyazi akuti sitima yonyamula dzina lakale la dziko lawo ikhale padoko dziko likugonja. Seiichi Ito, amene anapatsidwa kutsogolera ulendowo, poyamba anautsutsa, kenako anamvera lamulo. Asananyamuke anatsitsa odwala ndi anyamata amene anali akuphunzira kumene usilikali, chizindikiro chakuti ankadziwa kumene akupita. Pa 7 Epulo 1945 ndege zoposa 300 zinaifikira, ndipo m'maola awiri okha inaphulika nkumira pamodzi ndi anthu oposa 3,000.

Ito anakana kutuluka m'sitimamo. Atsogoleri enanso anatero: Tom Phillips wa Britain anamira ndi Prince of Wales, Günther Lütjens wa Germany anafera mu Bismarck. Awa sanalewe nkhonya, ndipo ulemu umene mwambi wathu umapereka kwa mtsogoleri wopirira ndi wowayenera. Koma pansi pa mapazi awo, m'zipinda za injini ndi za onga, munali achinyamata zikwizikwi amene sanafunsidwe ngati sitima ikule kapena inyamuke, ndipo madzi atalowa ambiri analibe potulukira. Amene anasankha kukulitsa mutuwo ndi kuutumiza pankhonya anali kumtunda, m'maofesi. Apa ndi pamene ndimaona kuti mwambiwu ndi woona koma sunena zonse. Umatiuza kuti nkhonya zidzabwera, koma suwerenga amene adzaphedwe nazo. Ukanenedwa kwa mfumu imene yasenza mlandu wa mudzi wake, ndi chitonthozo choyenera. Ukanenedwa ndi munthu amene wadzikulitsa mwadala, nkhonya zake nkumagwera ena, wasanduka chobisalira. Nthawi yake yabwino youkumbukira ndi pamene chinthu chikulingaliridwa kumene, chitsulo choyamba chisanadulidwe.

Sitima za mizinga ikuluikulu zinatha ntchito, koma chilakolako cha ukulu chikadalipo. Mu Epulo 2022 Moskva, sitima yotsogolera gulu lankhondo la Russia pa Black Sea, inamira. Ukraine inati inaiwomba ndi mizinga iwiri yochokera kumtunda, pamene Russia inati munabuka moto. Lero America imadalira sitima zonyamula ndege, ndipo China ikumanga zake. Yaikulu mwa zonse, USS Gerald R. Ford, imalemera matani pafupifupi 100,000 ndipo imayenda ndi anthu oposa 4,000.