Kodi chitopa chili ndi mwini?

Dzuwa la Okutobala likayamba kuswa mtengo, makola a m'midzi ya kwathu amayamba kukhala zii. Nkhuku imene dzulo inkapalasa kuseri kwa nkhokwe lero yangoima, mapiko ali lende, ana n'kumati yavala jekete. Mawa chitosi chabiriwira, mkuja khosi lapotoka. Sabata ziwiri zisanathe, khomo limene tambala ankadzutsa mudzi latsala ndi nthenga zokha. Ine ndine mkulu wa mpingo, komanso ndine mmodzi mwa amene alangizi a ziweto anatiphunzitsa kudonthezera katemera wa chitopa m'diso la nkhuku. Choncho nkhuku zikatha, mafunso amandipeza m'zipewa zonse ziwiri.

Mayankho amene anthu amabwera nawo ndi awiri. Ena amati, “Abambo, apa pali dzanja la munthu.” Ena, makamaka anzanga a m'tchalitchi, amati, “Ndi chifuniro cha Mulungu.” Magulu awiriwa amanyozana, koma pansi pamtima akunena chinthu chimodzi: kuti pali wina amene anakhala pansi, nasankha khola ili ndi tsiku ili. Ine sindikhulupirira zimenezo, ndipo chimene chinandilimbitsa mtima ndi mbiri ya kachilombo ka chitopa komweko.

Nthendayi inadziwika bwino mu 1926, pamene inabuka pa chilumba cha Java komanso pafupi ndi mzinda wa Newcastle upon Tyne ku England. Kachilombo koyambitsa nthendayi kamanyamula malangizo a chibadwa chake mu kachingwe ka RNA kokhala ndi zilembo zopitirira pang'ono 15,000. Sikatha kuberekana pakokha. Kamalowa m'selo la nkhuku n'kukopera malangizowo kambirimbiri, kope lililonse n'kukhala kachilombo katsopano. Koma kakamakopera sikabwerera m'mbuyo kukaona ngati kalakwitsa. Zili ngati mwana wa sukulu amene akukopera notsi za mnzake mothamanga, wina n'kukopera zake, winanso za ameneyo, popanda mphunzitsi wochonga. Zolakwika zambiri sizisintha kanthu. Zina zimapha kachilombo komweko. Koma mwa apo ndi apo cholakwika chimagwera pamalo ofunika.

Malo amodzi otere ndi pa puloteni imene kachilombo kamagwiritsa ntchito poboola selo. Puloteniyi siigwira ntchito mpaka itadulidwa pakati, ndipo chodulira chake kachilombo kamabwereka m'thupi la nkhuku. Mitundu yofatsa ya kachilomboka imadulika ndi chodulira chopezeka m'njira ya mpweya ndi m'matumbo mokha, ndiye nkhuku imangotsokomola pang'ono kapena osadwala n'komwe. Mitundu yolusa imadulika ndi chodulira chotchedwa furin, chimene chili pafupifupi m'thupi lonse. Ndiye kachilombo kamafika m'kapamba, m'chiwindi, mpaka mu ubongo. Khosi lopotoka lija limachokera pamenepo.

Dziko la Australia linaona chitopa cholusa mu 1930 ndi 1932, kenako chinazimiririka kwa zaka zoposa 60. M'zaka zimenezo munali tizilombo ta chitopa tofatsa tikuyendayenda m'nkhuku zawo popanda kupha. Mu 1998 chitopa cholusa chinabukanso pafupi ndi Sydney, ndipo mu 1999 m'dera la Mangrove Mountain anapha nkhuku pafupifupi 2 miliyoni pofuna kuthetsa mliriwo. Poyamba zinali zomveka kuganiza kuti nthendayo yalowa kuchokera kunja. Akatswiri atawerenga zilembo za kachilomboko anapeza kuti kanali ka m'dziko momwemo, mdzukulu wa kofatsa kaja. Pamalo odulira paja panasintha zilembo ziwiri basi.

Zilembo ziwiri mwa 15,000. Ndani anazisintha?

Kale mu 1943, Salvador Luria ndi Max Delbrück anaonetsa ndi mabakiteriya kuti kusintha kwa chibadwa sikubwera chifukwa choti chamoyocho chikukufuna. Kumangochitika, kusanadziwike ngati kudzathandiza kapena kudzawononga. Kachilombo ka ku Australia kaja sikanakonze chiwembu. Kalibe mtima, kalibe nkhanza, sikadziwa kuti kunja kuno kuli nkhuku. Ndikanena zimenezi kwa anzanga a m'bungwe la akulu ampingo, mmodzi wa iwo, munthu wowerenga Baibulo kuposa ine, amakwinya nkhope. Amati, “Achimwene, mukati zinangochitika, ndiye kuti mwapeza kachigawo ka dziko kamene Mulungu salamulira. Nanga suja Ambuye ananena za mpheta?”

Funso lake ndi lolemera, ndipo sindilichepetsa. Koma ndikawerenga ndime ya mpheta ija mu Mateyu 10, ndimaona kuti mpheta imagwabe. Chimene tikulonjezedwa pamenepo n'chakuti siigwa yokha, Atate osadziwa. Sitikuuzidwa kuti Atate ndi amene aiponya mwala. Ndipo mu Luka 13, atakamba za anthu 18 amene nsanja ya Siloamu inawagwera, Yesu anakana zoti anafa chifukwa anali ochimwa kuposa anzawo. Sanatchule wolakwa. Anasiya ngozi ikhale ngozi, natembenuzira omvera ake ku miyoyo yawo.

Maganizo anga ndi awa. Mulungu analenga dziko limene zamoyo zimabereka ana osafanana nazo ndendende, ndipo anachita zimenezi mwadala. Tayang'anani pabwalo panu. Kameta wa khosi lopanda nthenga, amene amapirira kutentha kuposa anzake, anachokera ku kusintha kwa chibadwa. Kansilanga wa nthenga zotembenuka nayenso chimodzimodzi. Nkhuku imodzi ija imene imapulumuka khola lonse litafa, n'kudzatiyambitsiranso mbewu, nthawi zina imapulumuka chifukwa thupi lake ndi losiyana pang'ono ndi la anzake. Dziko limene kukopera kukanakhala kosalakwitsa silikanakhala ndi chitopa cholusa chatsopano, inde, koma silikanakhalanso ndi kameta, ngakhale mbewu ya chimanga yocha msanga. Chilala chimodzi kapena nthenda imodzi ikanasesa zonse, chifukwa zonse zikanakhala zofanana. Khomo limene moyo umalowera kuti uzitha kusintha ndi lomwelonso limene mliri umalowera. Mulungu anatsegula khomolo. Zimenezi n'zosiyana kwambiri ndi kunena kuti Iye anasankha nkhuku za mayi wamasiye wakuti kuti zife mwezi umene fizi ya mwana ikufunika.

Kabotolo kamene ndimayenda nako kamandilalikira nkhani yomweyi. Katemera wa I-2, amene amapangidwa ku Central Veterinary Laboratory ku Lilongwe, ndi kachilombo ka chitopa kamoyo, kofatsa, kochokera ku Australia komweko. Peter Spradbrow ndi anzake a pa University of Queensland ankafuna katemera woti afike kumudzi kopanda firiji. Anatenga kachilombo kofatsa, nakaika pa kutentha, n'kusunga tokhato timene tapirira. Sanalenge kupirirako. Kanalipo kale pakati pa tizilomboto chifukwa cha kusiyana kwa makope, iwo anangosankha. Choncho kulakwitsa pokopera kumene kunabweretsa maliro a nkhuku ku Mangrove Mountain, ndi komwenso kunatheketsa dontho limene ndimaika m'diso la nkhuku miyezi inayi iliyonse. Ndikati dontho ili ndi mphatso ya Mulungu koma mliri uja ndi ntchito ya Satana, ndiye kuti ndagawa pakati chinthu chimodzi kuti chigwirizane ndi zofuna zanga.

Pali chimene chimandiwawabe, ndipo sindifuna kuchibisa ndi mawu okoma. Nkhuku yopotoka khosi imavutika. Imazungulira pamalo amodzi, madzi ali pafupi koma mlomo osawapeza. Ilibe tchimo, ndipo palibe phunziro limene ikutolapo. Kufotokoza za ubwino wa kusiyana kwa zamoyo sikuchotsa ululu wa nkhuku imeneyo. Paulo mu Aroma 8 analemba za chilengedwe chonse chimene chikubuula podikira kumasulidwa, ndipo ine ndimatenga mawu amenewo monga chilolezo choti ndisatche ululu kuti ndi wabwino. Mkhristu angathe kunena kuti Mulungu akudziwa, akumva, ndipo sanamalize ntchito yake, popanda kunena kuti zilizonse zimene zachitika n'zimene Iye amakondwera nazo. Chifukwa chake mawu akuti chifuniro cha Mulungu ndimawasamala pakamwa. Ndawamva akutonthoza olira, ndipo pamenepo ndi mankhwala. Koma ndawamvanso akutuluka m'kamwa mwa bambo amene anakana kutemera nkhuku zake mu Julayi chifukwa cha ndalama yosakwana kugula dzira.

Pakuti ngakhale palibe amene amasankha chilembo chimene chisinthe, anthufe ndi amene timasankha kuti kachilombo kapeze mpata wochuluka bwanji. Nkhuku iliyonse yodwala ndi makope mamiliyoni atsopano. M'mafamu momwe nkhuku zikwizikwi zimapumirana mpweya, kachilombo kolusa sikasowa kopita ngakhale kataipha msanga nkhuku imene kalimo, chifukwa ina ili pomwepo. Kumudzi kuno njira zake ndi zina, ndipo timazidziwa tonse. Munthu akaona ziwiri zavala jekete, amamanga zotsalazo panjinga m'mamawa n'kukazigulitsa motchipa pamsika. Wina amapereka nkhuku yooneka yathanzi kwa apongozi, osadziwa kuti nthendayi imatha kubisala masiku asanu kapena asanu ndi limodzi isanaoneke. Yofa timaisosola pabwalo, matumbo n'kutayira agalu, nthenga n'kuuluka ndi mphepo. Sindikuweruza wogulitsa uja mopepuka, chifukwa ndikudziwa kuti nkhukuzo ndiye banki yake. Koma ngati tikufuna dzanja la munthu pa nkhaniyi, lili pamenepa.

Chimene chimandichititsa kulemba zonsezi ndi agogo. Nkhuku zikatha pakhomo, maso amatembenukira kwa mayi wokalamba wokhala yekha kumapeto kwa mudzi, makamaka ngati zake ziwiri zapulumuka. Kawirikawiri zimapulumuka chifukwa nyumba yake ili patali ndipo sagula nkhuku pamsika. Lamulo la dziko lino la 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti, koma lamulo silikhala nawo pabwalo madzulo pamene mphekesera ikuyamba. Munthu amene sangavomereze kuti zinthu zina zimachitika popanda wozituma adzafunafuna wozituma mpaka atamupeza, ndipo amene amapezeka nthawi zonse ndi wopanda womuteteza.

Ndiye nkhani yotere ikafika kwa ine, ndimayamba ndapepesa mwini khola, chifukwa wataya chuma chenicheni. Tikapemphera, sindipempha kuti Mulungu aulule mdani. Kenako ndimafunsa kuti m'sabata ziwiri zapitazi ndi khomo liti limene linalandira nkhuku yachilendo, yogula kapena yopatsidwa, ndipo yoyamba kufa inafera kuti. Anthu amayang'anizana, wina n'kukumbukira tambala amene anabwera ndi alendo a chinkhoswe. Tikatero timagwirizana zokwirira zakufa m'dzenje lakuya, zoletsa kutulutsa nkhuku m'mudzi, ndi tsiku limene ndidzabwere ndi kabotolo mliri ukadutsa, pakuti nkhuku yodwala kale sitiitemera.