Kodi chifundo chili ndi mapointi angati?

Ku Germany kuli masewera apatebulo omwe banja lonse limasewera, aliyense akumanga malo akeake osungiramo nyama zakutchire. Ena mwa masewerawa ndi Zooloretto a Michael Schacht, omwe adapata mphotho ya Spiel des Jahres mu 2007. Lamulo lake nali: nyama ikasowa malo m'makola amakaitsekera kwina, ndipo pomaliza mwini wake amadulidwa mapointi 2 pa mtundu uliwonse wa nyama zotsalazo. Ndiye kuti mwana wa zaka 8 akuphunzira msanga kuti njovu yosowa khola ndi ngongole basi.

Mwina mukuti si masewera chabe awa? Ayi, abale. Ngakhale pa bawo munthu timamudziwa ndi kadyedwe kake ka nkhomo za mnzake.

Mu 2021 Mathias Wigge adatulutsa Ark Nova, masewera ovutirapo, oyenera akuluakulu. Mmenemu ukhoza kumasula nyama kuti ibwerere kutchire. Ukatero chikoka cha malo ako kwa alendo chimatsika, koma umalandira mapointi osamalira zachilengedwe. Zabwinotu zimenezi, ndikuvomera.

Komabe mtima wanga sukhazikika, chifukwa womasulayo amalipidwa. Kodi munthu wotsegula khola atayamba wawerengetsera phindu tingamutche wachifundo? Kwa nyamayo zilibe kanthu, yatuluka, ndipo siifunsa chifukwa chake. Nkhawa yanga ili pa wosewerayo. Ndikulakalaka nditaona masewera amene wotsegula khola amaluza ndithu, ndidzaone ngati pabanjapo wina angatsegulebe.