Kodi Khutu Limamva Lokha?

Mu 1985 injiniya wa ku America, Bob Carver, anaputa akonzi a magazini ya Stereophile. Anawauza kuti asankhe ampulifaya yodula iliyonse imene amaitama, ndipo iye akonza yake yotchipa mpaka izimveka chimodzimodzi. Iwo anasankha ya mavalavu ya kampani ya Conrad-Johnson. Carver analumikiza ziwirizo m'njira yoti mawu a imodzi azifafaniza a inzake, n'kumasintha tizipangizo m'kati mwa yake mpaka chotsalira chinachepa kwambiri. Akonzi aja, anthu amene makutu ndiwo khasu lawo, atatchera khutu analephera kuzisiyanitsa.

Patapita zaka ziwiri, magazini ya Stereo Review inafalitsa zotsatira za mayeso omvetsera ma ampulifaya amene David Clark anakonza. Omvetsera sanauzidwe kuti ikuimba ndi iti, ndipo voliyumu inali yolinganizidwa bwino. Pamzerepo panali ya Pioneer yotchipa ndi zina za madola masauzande ambiri. Mayankho a omvetserawo sanasiyane kwenikweni ndi a munthu wongolota.

Funso lovuta likuyambira pamenepa. Munthu amene wagula ampulifaya yodula, n'kukhala pampando madzulo misozi ili m'maso chifukwa cha kukoma kwa nyimbo, kodi akunama? Sakunama. Mu 2008 Hilke Plassmann ndi anzake ku California anamwetsa anthu vinyo mmodzimodzi, ulendo wina atauzidwa kuti botolo ndi la madola 10, ulendo wina la madola 90. Anthuwo anati wodulayo akukoma kuposa, ndipo makina ojambula ubongo anaonetsa kuti mbali yokhudza chisangalalo inatakasukadi kwambiri. Chisangalalocho n'chenicheni ndithu. Chimene munthu amalakwitsa ndi kumene chachokera: amati chabwera ndi khutu, pamene diso, mtengo ndi dzina la kampani zinalowa nawo m'chipindamo.

Wanzeru wakale Epicurus, amene ankaphunzitsa m'munda wake ku Athens zaka zoposa 2,000 zapitazo, anagawa zilakolako patatu: zachibadwa ndi zofunika, zachibadwa koma zosafunika kwenikweni, ndi zongochokera m'maganizo opanda pake. Zachibadwa zili ndi polekezera, zomalizazo zilibe. Kufuna kumva nyimbo bwino kumatha munthu akaimva bwino. Kufuna kukhala ndi ampulifaya yoposa ya mnzake sikutha, chifukwa chaka chamawa kutuluka ina.

Nanga polekezera pali pati? Chosangalatsa n'chakuti pa nkhani iyi pamayezeka. Ntchito ya ampulifaya ndi kutenga mawu ofooka ochokera ku choimbira n'kuwapatsa mphamvu yokankhira masipika, osawonjezapo kapena kuchotsapo kanthu. Masipika ambiri a m'nyumba amatulutsa ma decibel apakati pa 85 ndi 90 ndi watsi imodzi yokha, munthu ataima mita imodzi kuchokera pamenepo, ndipo limenelo ndi phokoso lalikulu kale. Kuwirikiza mawatsi kawiri kumangowonjezera ma decibel atatu. Kuti khutu limve ngati phokoso lawirikiza kawiri, mawatsi ayenera kuchuluka pafupifupi kakhumi. Choncho amene wasiya ya mawatsi 50 n'kuthamangira ya 100 wagula kusiyana kochepa zedi.

Ampulifaya yotchedwa NAD 3020 ndiyo mboni yabwino. Inatuluka mu 1978, yopangidwa ndi Bjørn Erik Edvardsen, yolembedwa mawatsi 20 okha mbali iliyonse, kabokosi kotuwa kosakopa maso. Koma inkapirira masipika ovuta amene ankagonjetsa zina zolembedwa manambala akuluakulu, ndipo inagulidwa mwaunyinji kotero kuti mpaka lero imatchulidwa pakati pa zimene zinayenda malonda koposa. Yerekezani ndi mabokosi a m'masitolo olembedwa “5000W PMPO” ndi zilembo zofiira, nambala imene ilibe muyezo wogwirizana. Chinyengo cha mtundu umenewu n'chimene chinachititsa bungwe la Federal Trade Commission ku America kukhazikitsa lamulo mu 1974 loti opanga azilemba mphamvu imene ampulifaya ingatulutse mosalekeza.

Izi sizikutanthauza kuti ma ampulifaya onse ndi amodzi. Yofooka ikakakamizidwa kupitirira mphamvu zake imadula nsonga za mawu, nyimbo n'kumakanda m'makutu, ndipo timasipika ta mawu opyapyala titha kupsa. Masipika a 4 ohm amafuna magetsi ochuluka kuposa a 8 ohm. Kusiyana kumeneku kumamveka ngakhale munthu atatsinzina, ndipo n'koyenera kukulipirira.

Wokonda chitsulo cholemera ndi kuwala kwa mavalavu asachite manyazi. Epicurus sanaletse zokoma, anangofuna kuti munthu adziwe chimene akuthamangira. Pali ngakhale chifukwa chomveka chosankhira zakale. Tima ampulifaya tamakono ta Class D, monga togwiritsa ntchito chipu cha TPA3255 cha Texas Instruments, timakwana m'dzanja, sititentha kwambiri, ndipo timamveka bwino pa mtengo wochepa. Koma chipu chikafa, kawirikawiri amasintha bolodi lonse. NAD 3020 yazaka makumi anayi ikayamba kung'ung'udza, nthawi zambiri amakhala makapasita ouma, ndipo wokonza mawailesi wodziwa ntchito amawachotsa ndi chowotcherera n'kuikapo ena.