Kodi kampu ya mpira ndi ya yani?

Ufulu wa dziko lathu unalengezedwa m'bwalo la mpira. Samora Machel anaulengeza ku Machava pa 25 Juni 1975, ndipo bwalolo lilipobe. Koma makampu ena a m'matauni athu a m'malire, amene acinyamata anasewerapo atabwerako ku Malawi nkhondo itatha mu 1992, lero akutha mwakacetecete.

Kampu siifa tsiku limodzi. Wina amazula mtengo wa golo nkukasonkhera moto. Wina amalima mizere iwiri m'mphepete. Wina amamangapo baraka. Aliyense amati, "Ndangotengako pang'ono." Mapeto ake ana amasewera mumsewu, pakati pa magalimoto.

Kodi malo opanda nyumba kapena cimanga ndi malo opanda mwini? Lamulo la nthaka la 1997 limati nthaka ndi ya Boma, siigulitsidwa. Komatu amene amapindula ndi kampu ndi mwana, ndipo mwana sapita kubwalo la mfumu kukadandaula. Tikamadya kampu pang'onopang'ono, tikubera munthu amene sangathe kutisumira.

Conco, abale, mfumu kapena sekretario wa bairro akaitanitsa msonkhano wogawa malo, pazikhala mkulu mmodzi woimirira kulankhulira ana.