Phunziro 9: Lupanga, Changu ndi Mnansi Wathu

SABATA MASANA

Werengani sabata ino: Luka 9:51-56, Yohane 7:45-52, 16:1-4, Machitidwe 25:13-16, Aroma 12:17-21, 13:1-5, Genesis 25:7-10.

Vesi loloweza: Mateyu 26:52.

Pa 7 August 1998 mabomba anaphulika pa maofesi a akazembe a America ku Nairobi ndi ku Dar es Salaam. Anthu oposa 200 anafa, ndipo ochuluka a iwo anali Aafrika anzathu. Pa 11 September 2001 gulu lomwelo la al-Qaeda linagwetsera ndege pa nyumba zazitali za ku New York ndi pa likulu la asilikali pafupi ndi Washington, nafa anthu pafupifupi 3,000. Maiko a Azungu anayankha ndi nkhondo. Ife a ku Ndirande, Bangwe, Chilomoni, Zingwangwa ndi Machinjiri tinamva izi pa wailesi, tikumayesa kuti ndi za kutali, koma zinatifika pakhomo. Sabata ino tifunsa Mau a Mulungu za munthu wopha m'dzina la Mulungu, za boma logwira lupanga, ndi za Msilamu amene tigawana naye mpanda.

SANDE: Changu Chopanda Chidziwitso

Werengani Yohane 16:1-4 ndi Machitidwe 9:1, 2. Kodi Saulo ankaganiza kuti akutumikira yani pa ulendo wake wa ku Damasiko?

Yesu anachenjezeratu kuti adzabwera anthu amene pokhetsa mwazi adzayesa kuti apereka nsembe kwa Mulungu. Tizindikire kuti ponena izi sankaloza anthu a chipembedzo chachilendo; ankanena za anthu a m'sunagoge, owerenga Malemba omwewo amene ophunzira ake ankawerenga. Saulo sanali chidakwa kapena mbala. Anali wophunzira bwino, wosunga Sabata, wopereka chakhumi. Nthenda yake inali yoyesa kuti choonadi cha Mulungu chifunika dzanja la munthu kuti lichiumirize pa ena.

Nthenda imeneyi ilibe mtundu. Inagwira Akristu amene anatentha anzao pa moto m'zaka za mdima. Inafika ngakhale pabwalo la mishoni yathu ku Mugonero, m'dziko la Rwanda, kumene mu April 1994 Atutsi ambiri othawira pa tchalitchi ndi pa chipatala anaphedwa. Ndipo mu 2003 bwalo la milandu la United Nations ku Arusha linapeza mbusa wa mpingo wathu, Elizaphan Ntakirutimana, wolakwa pothandizira kuphako. Amene akumbukira Mugonero sangathe kunena kuti nkhanza ndi chibadwa cha Chisilamu.

LOLEMBA: Moto wa ku Cabo Delgado

Mu October 2017 anyamata onyamula mfuti ndi zikwanje anaukira malo a polisi ku Mocímboa da Praia, kumpoto kwa Mozambique. Anthu akumeneko amawatcha al-Shabaab, ngakhale sali gulu lija la ku Somalia. Pambuyo pake analumikizana ndi gulu la Islamic State. Mu April 2020 anapha anthu oposa 50 m'mudzi wa Xitaxi, ndipo kunamveka kuti mlandu wa ophedwawo unali wokana kulowa gululo. Pa 24 March 2021 anaukira tauni ya Palma, pafupi ndi malo amene kampani ya Total inkakonza zopopa gasi. Chakumapeto kwa chaka chomwecho anafika m'boma la Mecula, m'chigawo cha Niassa, chimene chichita malire ndi dziko lathu. Anthu oposa miliyoni imodzi anathawa m'nyumba zao pa zaka za nkhondoyi.

Pali zinthu ziwiri zimene sitiyenera kuzilumpha. Choyamba, midzi ya m'mbali mwa nyanja imene inatenthedwa ndi midzi ya Asilamu, kotero kuti ambiri mwa ophedwa ndi othawa ndi Asilamu; ndipo atsogoleri ena a m'mizikiti anali atachenjeza kale akuluakulu a boma za chiphunzitso chachilendochi nkhondo isanayambe. Chachiwiri, Cabo Delgado ili ndi gasi pansi pa nyanja ndi miyala ya mtengo wapatali ku Montepuez, koma anthu ake ali pakati pa osaukitsitsa m'dzikomo. Mnyamata wopanda ntchito, woona chuma chikudutsa pakhomo pake kupita kwa ena, savuta kumnyenga. Umphawi sulungamitsa kupha, pakuti osauka ambiri sanaphepo munthu. Koma wofesa namsongole adziwa munda umene uli wosalondedwa.

Taganizirani anyamata amene akhala tsiku lonse pa siteji ya minibasi kapena kuseri kwa msika wa Ndirande. Ndani akuwayankhula? Mpingo wanu uwadziwa maina?

LACHIWIRI: Lupanga la Boma

Werengani Aroma 13:1-5, kenaka mubwerere ku Aroma 12:17-21. Kodi Paulo apereka chiyani kwa wolamulira, ndipo aletsa chiyani kwa wokhulupirira?

Paulo sanena kuti boma liime manja lende pamene anthu akudulidwa mitu. Wolamulira ali ndi udindo woletsa wochita zoipa. Pamene asilikali a Rwanda anafika ku Cabo Delgado mu July 2021, nathandiza kulanda Mocímboa da Praia mwezi wotsatira, mabanja ambiri anabwerera kwao, ndipo sitingati Mulungu sanakondwere ndi kubwerera kwaoko. Maiko a SADC anatumizanso gulu lao chaka chomwecho, Malawi ali m'gulu la otengapo mbali, ndipo ntchito yao inatha mu July 2024 zigawenga zisanatheretu.

Koma lupanga lili ndi malire. America ndi anzake analowa mu Afghanistan mu October 2001. Anatulukamo mu August 2021, ndipo a Taliban amene anachotsedwa pachiyambi anabwerera pa mpando. Mu March 2003 anaukira Iraq ponena kuti kuli zida zoopsa zopha anthu ambirimbiri, zimene sizinapezeke. M'phulusa la nkhondoyo munakula gulu la Islamic State, limene linalanda mzinda wa Mosul mu June 2014. France inatumiza asilikali ku Mali mu 2013, niwachotsa mu 2022 nkhondo ikali mkati. Mfuti itha kupha munthu wonyamula bomba, koma bomba logwera pa mudzi wa anthu osalakwa limasiya ana amasiye amene mawa adzamvetsera mlaliki wa chidani. Zimene Yesu anauza Petro m'munda wa Getsemane, kuti lupanga limabwerera mwini wake, zigwira mafumu monga zigwira asodzi.

LACHITATU: Amuna Asanu a ku Blantyre

Werengani Yohane 7:50, 51 ndi Machitidwe 25:16.

Mu June 2003 amuna asanu a maiko akunja okhala mu mzinda wathu uno anagwidwa usiku: awiri a ku Turkey, mmodzi wa ku Saudi Arabia, mmodzi wa ku Kenya ndi mmodzi wa ku Sudan. Ankagwira ntchito m'mabungwe ndi m'masukulu a Chisilamu, ndipo anaganiziridwa kuti amathandiza al-Qaeda ndi ndalama. Khoti Lalikulu ku Blantyre linaletsa kuwatulutsa m'dziko muno, koma anaperekedwa m'manja mwa Aamerika, natulutsidwa pa ndege mlandu wao usanamveke. Patapita pafupifupi mwezi umodzi anamasulidwa ku Sudan popanda kuimbidwa mlandu uliwonse.

Masiku ochepa atatengedwa, Asilamu okwiya anachita zionetsero ku Blantyre, ndipo ku Mangochi kunabuka chipolowe. Matchalitchi angapo anaonongedwa, pamodzi ndi ofesi ya Save the Children, kufikira boma la Dr Bakili Muluzi, amenenso ndi Msilamu, linatumizako asilikali.

Tiyang'anitsitse mmene choipa chinayendera. Zigawenga zinapha anthu osalakwa ku Nairobi ndi ku New York. Amphamvu, pochita mantha, analumpha lamulo la khoti nagwira anthu amene pomaliza sanawapeze ndi mlandu. Khamu lokwiya linakagenda nyumba za Mulungu za anthu amene sanagwireko munthu aliyense. Pa malo onse atatu wolipira anali wina, osati wolakwayo. Ezekieli 18:20 akaniza chimenechi poyera, pakuti kwa Mulungu mlandu suyenda ndi mtundu, ndi dzina kapena ndi chovala cha munthu.

Nikodemo, ali yekha pakati pa akulu okwiya, anafunsa ngati chilamulo chilola kutsutsa munthu asanamveke. Ngakhale Festo, kazembe wachikunja, anakana kupereka Paulo kwa adani ake asanaonane nao maso ndi maso ndi kudzikanira. Ife Aadventisti nkhaniyi itikhudza mwapadera. Timaphunzitsa kuchokera pa Chivumbulutso 13 kuti idzafika nthawi imene osunga malamulo a Mulungu adzayesedwa oopsa ku mtendere wa dziko. Ngati tikondwera lero pamene chitseko cha Msilamu chithyoledwa usiku popanda mlandu womveka, tidzadandaula kwa yani tsiku limene chidzathyoledwe chathu? Ufulu wa chikumbumtima umene timaulalikira si wa osunga Sabata okha.

LACHINAYI: Moto Wotsika Kumwamba

Werengani Luka 9:51-56.

Mudzi wa Asamariya unakana kulandira Yesu, ndipo Yakobo ndi Yohane anapempha chilolezo choitana moto. Anali ndi chitsanzo cha Eliya m'mutu mwao. Wokonda chiwawa sasowa vesi. Yesu anawadzudzula, napita nao kumudzi wina. Yohane yemweyo anabwereranso ku Samariya pa Machitidwe 8:14-17, kukasanjika manja pa anthu a mtundu umene anafuna kuutentha.

Kalembera wa 2018 anapeza kuti Asilamu ndi 13.8 pa anthu 100 alionse m'Malawi. Tikwera nao minibasi imodzi kuchokera ku Limbe, titunga nao pa mpopi umodzi, tigula nyama kwa iwo podziwa kuti ya nkhumba siinakhudzepo. Pamene namondwe wa Freddy anagumula mapiri a Blantyre mu March 2023, matope sanafunse chipembedzo cha munthu, ndipo okumba mitembo sanafunsanenso. Genesis 25:9 atiuza kuti Isake ndi Ismayeli anaika atate wao Abrahamu m'manda ali pamodzi.

Izi sizitanthauza kuti tibise chikhulupiriro chathu. Tisiyana ndi Asilamu pa nkhani yaikulu koposa, ya Umulungu wa Kristu ndi mtanda wake, ndipo tidzalalikirabe. Koma chimkuzamau choimikidwa moyang'ana mzikiti ndi kunyoza mneneri wao si ulaliki wa mngelo woyamba. Chimodzimodzi uthenga wa pa WhatsApp wonena kuti shehe wakutiwakuti akusonkhanitsa zigawenga, umene tiutumiza kwa ena tisanadziwe gwero lake. Lamulo lachisanu ndi chinayi silipatula mnansi wa chipembedzo china. Ngati pali chinthu chenicheni chokayikitsa, malo ake ndi ku polisi.

LACHISANU: Zokambirana m'Kalasi

1. Mu 2019 mkangano wa kavalidwe ka hijabu pa masukulu a mpingo wa Anglican ku Balaka unafika pa chiwawa, ndipo bungwe la Public Affairs Committee linakhalitsa pansi mbali zonse kufikira zinagwirizana mu 2021. Ife amene timapempha kuti ana athu asalembe mayeso pa Sabata, tikadaima pati pa nkhani imeneyi?

2. Mnyamata wa mu mpingo wanu walowa usilikali ndipo atumizidwa kukalimbana ndi zigawenga. Mudzampempherera motani, ndipo mudzamuuza chiyani asananyamuke?

3. Maliro akagwa pa nyumba ya Msilamu m'dera lanu, ndi angati a m'kalasi muno amene amakakhala nao pa siwa?